Anapambana magemu onse 13, mpando n'kupatsidwa ena



Lero ndikutengerani kutali pang'ono, ku America, ku masewero amene ambiri a ife sitiwaonera n'komwe, mpira uja wovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Musathawe, malamulo ake simukufunika kuwadziwa. Chimene ndikufuna tiunguzire limodzi ndi funso ili: munthu akachita zonse zimene anauzidwa kuti achite, kodi mphotho imakhala yake basi, kapena oweruza ali ndi ufulu woyang'ana kutsogolo n'kunena kuti ayi, mmene ulili panopa sungakwanitse, tipatsa wina?

Kumeneko mpira wa m'mayunivesite si wachibwana. Bwalo la yunivesite ya Michigan lokha limalowa anthu oposa 100,000, ndipo makochi amalandira madola mamiliyoni pachaka. Kuyambira 2014 mpaka 2023, katswiri wa dziko lonse ankapezeka motere: komiti ya anthu 13 inkakhala pansi n'kusankha matimu anayi okha, anayiwo n'kusewera semifainolo ndi fainolo. Panalibe tebulo la mapointi ngati la ligi ya ku England, loti aliyense awerenge yekha n'kudziwa amene ali pamwamba. Maligi akuluakulu analipo asanu, mipando inayi.

Timu ya yunivesite ya Florida State, ya mumzinda wa Tallahassee, inayamba chaka cha 2023 ndi moto pansi pa kochi Mike Norvell. Gemu yoyamba inathidzimula LSU 45 kwa 24 ku Orlando, LSU yomwe wosewera wake Jayden Daniels anadzatenga mphotho ya Heisman chaka chomwecho, ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Kenako inapita kukagonjetsa Clemson pakwawo, 31 kwa 24 mu nthawi yowonjezera. Miami nayo inagwa, 27 kwa 20. Pofika pakati pa Novembala anali atapambana magemu 10 osagonjako.

Mtima wa timuyi anali Jordan Travis, quarterback wawo. Quarterback ndi wosewera amene mpira umadutsa m'manja mwake pafupifupi nthawi iliyonse timu ikamaukira. Iye ndi amene amasankha woti amuponyere, kapena kuthamanga nawo yekha. Pa 18 Novembala ankasewera pakhomo ndi North Alabama, timu yaing'ono yomwe palibe ankaiwerengera. Gemu isanapite patali Travis anathamanga ndi mpira, anamugwetsa, mwendo n'kuthyoka moipa. Anatuluka m'bwalo atanyamulidwa. Pa nthawiyo Florida State inali kumbuyo 13 kwa 0. Anzake otsala anamaliza gemuyo 58 kwa 13.

Sabata yotsatira analowa wachiwiri wake, Tate Rodemaker, ndipo anakagonjetsa adani awo akale a Florida ku Gainesville, 24 kwa 15. Mu gemu yomweyo Rodemaker naye anagundidwa m'mutu. Ndiye pa fainolo ya ligi yawo ya ACC, pa 2 Disembala ku Charlotte, analowa wachitatu, Brock Glenn, mnyamata wa chaka choyamba pa yunivesite. Sanawale, tisabise. Koma osewera otchinga kumbuyo anamanga khoma, Louisville sinagoletse touchdown ngakhale imodzi, gemu inatha 16 kwa 6. Magemu 13, onse kupambana, chikho cha ligi m'manja.

M'mawa mwake, pa 3 Disembala, komiti inalengeza matimu anayi: Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Michigan ndi Washington anali asanagonjepo. Texas ndi Alabama aliyense anali atagonjapo kamodzi. Florida State anaiika pa nambala 5. Aka kanali koyamba chiyambire dongosololi kuti katswiri wa ligi yaikulu amene sanagonjepo asiyidwe kunja. Wapampando wa komiti, Boo Corrigan, anafotokoza kuti popanda Travis timuyi sinalinso yomwe ija imene anthu anaiona miyezi yapitayo.

Anthu ambiri anathamangira kunena kuti ndi nkhani ya ndalama za TV, kuti Alabama ili ndi dzina logulitsa. Ine nkhani imeneyo ndiisiya pambali, chifukwa imatipeputsira ntchito. Tingoyerekeza kuti anthu 13 aja anali oyera mtima onse, palibe anakonderapo. Funso lija lidakalipobe, ndipo likuvuta kuposa poyamba.

Maganizo a komiti si opusa ayi, ndipo ndikufuna tiwamve bwinobwino tisanawatsutse. Iwo amati ntchito yawo ndi kusankha matimu anayi amphamvu koposa pa tsiku losankhalo, osati kugawa mphotho za khalidwe labwino. Komanso m'malamulo awo munali molembedwa kale kuti angathe kuganizira za kusowa kwa wosewera wofunika. Sanalipeke tsiku lomwelo lamuloli. Ndipo tonse timaganiza choncho pa zinthu zina. Dalaivala wa basi wayendetsa zaka 13 osachita ngozi, koma lero maso afooka, sakuonanso bwino. Kodi mumupatsa makiyi pomuthokoza chifukwa cha zaka 13 zija? Inu mukwera? Palibe anganene kuti wamulakwira pomuchotsa pa chiwongolero. Mbiri yake yabwino sikumubwezera maso.

Koma taonani chimene chikupangitsa kuti nkhani ya dalaivala imveke bwino. Mpando wa dalaivala si mphotho yake, ndi udindo umene wanyamulira anthu ena. M'basimo muli miyoyo. Malo otere, monga a dokotala wochita opaleshoni kapena woyendetsa ndege, amaperekedwa poyang'ana kutsogolo, chifukwa amene angavulale ndi ena. Alipo malo a mtundu wina amene amaperekedwa poyang'ana kumbuyo. Mwana wakhoza mayeso onse, satifiketi ndi yake. Mphunzitsi sanganene kuti ndakuona masiku ano ukudwaladwala, kutsogoloku sulimba, ndiye satifiketiyi ndipatsa mnzako amene analephera pepala limodzi koma akuoneka wathanzi. Tonse tingadzuke n'kunena kuti kumeneko ndi kuba.

Ndiye mpando wa mu semifainolo uli mbali iti? Ndi chiwongolero cha basi, kapena ndi satifiketi?

Ine ndimauona kuti ndi satifiketi. Florida State ikanalowa n'kukagonja moipa, ndani akanavulala? Oonera akanaona gemu yosakoma kwa maola atatu, basi. Nanga poisiya kunja chinaonongeka n'chiyani? Chinaonongeka ndi lonjezo limene mpikisano uliwonse umaimapo, ngakhale silinalembedwe paliponse: kuti zimene zachitika m'bwalo ndi zimene zimawerengedwa. Anthu amasewera chifukwa sitidziwa amene apambane. Tikanakhala kuti timakhulupirira zolosera za akadaulo, bwenzi tikungowafunsa mwezi wa Ogasiti kuti wamphamvu ndani, n'kumupatsiratu chikho, anyamata osathyoka miyendo.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti komiti yomweyo sinagwiritse sikelo imodzi. Texas inaikidwa pamwamba pa Alabama chifukwa mu Seputembala inakaigonjetsa pakwawo ku Tuscaloosa, 34 kwa 24. Apo zotsatira za m'bwalo zinalemekezedwa, ndipo zinayenera kutero. Alabama inalowa chifukwa inagonjetsa Georgia 27 kwa 24 mu fainolo ya ligi ya SEC. Aponso, zotsatira. Kufika pa Florida State sikelo inasintha, anayamba kuyeza ndi maso, kuti akuoneka bwanji. Ndipo ngati muyeso unalidi mphamvu basi, bwanji anaika Florida State pa nambala 5, Georgia pa nambala 6? Georgia inali itatenga chikho cha dziko zaka ziwiri zotsatizana, ndipo ndi ochepa amene ankakhulupirira kuti Florida State yopanda Travis ingaigonjetse. Ndiye kuti zotsatira zinali zokwanira kuika Florida State pamwamba pa Georgia, koma zosakwanira kuiika pamwamba pa Alabama. Onjezani ichi: masiku asanu m'mbuyo mwake, Travis atavulala kale, komiti yomweyi inali itaika Florida State pa nambala 4. Pakati pa masiku amenewo timuyi sinachite china koma kupambana fainolo.

Munthu angathe kuteteza muyeso wa mphamvu, angathenso kuteteza muyeso wa zotsatira. Chovuta kuteteza ndi kukhala ndi miyeso iwiri m'thumba, n'kumatulutsa umene ukupereka yankho limene mtima wafuna kale. Izi sizifuna munthu woipa. Munthu wabwinobwino amazichita osadziwa, chifukwa muyeso uliwonse pawokha umamveka wanzeru pa nthawi imene akuugwiritsa ntchito.

Pali mawu amene Travis analemba tsiku lomwelo pa intaneti amene sachoka m'mutu mwanga. Ananena kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka koyambirira kwa chaka, kuti anthu aone kuti timuyi si quarterback yekha, ndipo anapepesa. Taganizani. Mnyamata wangochitidwa kumene opaleshoni, tsogolo lake la mpira lili m'malere, ndipo akupepesa chifukwa cha mwendo wake wothyoka, akulakalaka ukanathyoka msanga. Chigamulo chija chinamusenzetsa katundu amene sanali wake. Kuvulala si mlandu, koma zotsatira zake zinafanana ndi chilango, ndipo chilangocho chinagwera anzake onse kudzera mwa iye. Iye ndiye anatsala akudziona ngati wawalakwira.

Nanga anzakewo anauzidwa chiyani? Timu ya mpira umenewu imakhala ndi osewera pafupifupi 100. Ena ntchito yawo ndi kutchinga basi, mpira saugwira n'komwe, maina awo owulutsa sawatchula. Anthu amenewa ndi amene anapambana magemu atatu omaliza, mtsogoleri wawo ali pa ndodo. Kulikonse kumene timaphunzitsa achinyamata, timawauza kuti gulu ndi lalikulu kuposa munthu mmodzi, kuti mmodzi akagwa ena anyamule. Anyamatawa anachita zomwezo ndendende, poyera, dziko lonse likuona. Yankho limene analandira linali lakuti gulu lanu linali munthu mmodzi, ndipo munthuyo kulibe.

Otsatira mpirawu anakumbutsa za Ohio State ya 2014. Nayo inataya ma quarterback awiri, inalowa mu fainolo ya ligi yake ndi wachitatu, Cardale Jones, komiti inaipatsa mpando wa nambala 4, ndipo inakatenga chikho cha dziko lonse itagonjetsa Alabama ndi Oregon. Oikira kumbuyo komiti amayankha kuti zinali zosiyana, chifukwa Ohio State inapambana fainolo ija 59 kwa 0, pomwe Florida State inapambana movutikira. Kusiyanako kulipodi. Koma tamvani chimene yankholi likutanthauza: kupambana sikokwanira, uyenera kupambana mokongola. Ndipo kukongola kumene ankakufuna ndi kwa ogoletsa okha, chifukwa kutsekera mdani osagoletsa touchdown mu fainolo sikunawerengedwe ngati kukongola. Alabama yomwe sabata imodzi m'mbuyo inapulumuka kwa Auburn ndi mpira umodzi woponyedwa mothera nzeru m'masekondi omaliza, pomwe inkafunika mayadi 31 pa mwayi wotsiriza, inatamandidwa kuti ili ndi mtima wa akatswiri. Wina akapulumuka movutikira akuti ndi mtima, mnzake akapulumuka movutikira akuti ndi kufooka.

Tsopano tifike pamene otsutsana nane amandidikirira. Pa 30 Disembala Florida State inasewera ndi Georgia mu gemu yotchedwa Orange Bowl, ndipo inagonja 63 kwa 3. Inde, mwawerenga bwino. Anthu anaseka, eti mwaona, komiti inkadziwa chimene inkachita.

Kaganizidwe kameneka ndi kofala, ndipo ndi koopsa. Choyamba, timu imene inagonja 63 kwa 3 sinali imene inasiyidwa pa 3 Disembala. Osewera ake ambiri odalirika, monga Jared Verse, Keon Coleman, Trey Benson ndi Johnny Wilson, anasankha kusasewera gemuyi pokonzekera kupita ku ligi ya akatswiri ya NFL. Rodemaker anali atanyamuka kukasaka sukulu ina. Anachoka chifukwa gemuyo inalibenso chikho kutsogolo kwake, ndipo inalibe chikho chifukwa cha chigamulo chija. Ndiye chigamulo chinathandiza kubala zotsatira, kenako zotsatirazo n'kumaitanidwa ngati mboni yoti chigamulo chinali cholondola. Zili ngati kumulanda munthu khasu, kenako n'kumaloza munda wake wosalima kuti taonani ulesi.

Chachiwiri, ngakhale akanabwera onse n'kugonjabe moipa, sizikanasintha kanthu pa funso lathu. Ngati mpando unali wawo pa 3 Disembala, unali wawo, kuphatikizapo ufulu wokagonja nawo. Munthu amene mwamumana malipiro ake ponena kuti akanangowamwaza, ngakhale zitadzaoneka kuti ndi womwazadi, inu mwamumanabe malipiro.

Koma pali mbali ina ya 63 kwa 3 imene sindikufuna kuidumpha, chifukwa ikukhudza ife amene timakonda kuima ndi olakwiridwa. Pamene akuluakulu aja anachoka, gemu sinathetsedwe. Alipo amene anavala jezi n'kulowa m'bwalo: Brock Glenn uja, ndi anyamata ena a chaka choyamba ndi chachiwiri amene anali asanakonzeke. Iwo ndi amene anamenyedwa maola atatu dziko likuonera. Anthu amene chaka chonse ankanena kuti ndife banja limodzi, tsiku lovuta ena panalibe. Kodi kulakwiridwa ndi akuluakulu kumamasula munthu ku zimene ali nazo ngongole kwa ang'ono ake?

Apa mtima wanga umagawikana. Sindingawaponye miyala anyamata amene anachoka. Anali ataona ndi maso awo mwendo wa Travis ukuthyoka mu gemu imene aliyense ankati ndi yosavuta. Mpira umenewu umathera pa sekondi imodzi, ndipo ambiri mwa osewerawa mabanja awo akudikirira kontirakiti yoyambayo. Kuuza munthu wotere kuti aike thupi lake pachiswe chifukwa cha gemu imene eni mpikisano anena kale kuti si yofunika, n'kosavuta kwa ife amene tili pa foni. Komabe ndikafunsidwa kuti mwa onse a m'nkhaniyi ndani amene ndimamupatsa ulemu waukulu, ndi aja anatsala, amene ankadziwa bwino lomwe chimene chikubwera n'kulowabe. Sanapeze chilichonse, ndipo maina awo alembedwa pambali pa 63 kwa 3 mpaka kale. Komiti ndi imene inayamba kunena kuti chofunika ndi phindu la kutsogolo osati zimene tinalonjezana, osewera otchuka anangophunzira phunzirolo msanga n'kuligwiritsa ntchito pa miyoyo yawo. Mtengo wake analipira ndi ang'onoang'ono amene analibe kothawira.

Za Alabama tinene chilungamo: sinabe kanthu. Anyamata ake nawonso anakhetsa thukuta, anagonjetsa Georgia imene inali isanagonje magemu 29 otsatizana, ndipo pa 1 Januwale 2024 anakakamira Michigan mpaka nthawi yowonjezera asanagonje 27 kwa 20. Michigan yomweyo ndi imene inadzatenga chikho itagonjetsa Washington 34 kwa 13. Ndiye pa nkhani ya mphamvu, komiti sinaphonye. Akanasiyidwa a Alabama, nawonso akanalira, ndipo kulira kwawo kukanamveka. Kungoti iwo akanatha kuuzidwa chinthu chogwirika: munagonja ndi Texas pakhomo panu, tsiku lakuti, ndi zigoli zakuti. Akanadziwa pamene anapunthwa. A Florida State mungawauze kuti akanachita chiyani? Palibe gemu imene akanapambana kuposa 13 imene anapatsidwa. Chokhacho chimene akanasintha ndi mwendo wa munthu, ndipo umenewo sunali m'manja mwawo. Pakati pa kukhumudwitsa munthu chifukwa cha chimene anachita, ndi kumukhumudwitsa chifukwa cha chimene chinamugwera, ine ndingasankhe choyambacho nthawi zonse, ngakhale gemu ya pa TV ikhale yosakoma.

Ena amati vuto silinali anthu 13 aja koma masamu: maligi asanu, mipando inayi, tsiku lina zinayenera kuphulika basi. Zoona, ndipo n'zodabwitsa kuti zinatenga zaka 10. Koma dongosolo loipa silichotsa udindo pa amene akhala pa mpando woweruza. Limangowapatsa chisankho chowawa, ndipo chimene asankha chimaonetsa chimene amachilemekeza zinthu zikathina. Tsiku limenelo anasankha gemu yokoma.

Kuyambira 2024 matimu olowa anakhala 12, ndipo mu 2024 ndi 2025 akatswiri asanu a maligi amene komiti inawaika pamwamba pa akatswiri anzawo ankakhala ndi mipando yotsimikizika. Kusinthaku sikunabwere chifukwa cha Florida State, kunali kutagwirizanidwa kale mu 2022, kumangodikira nthawi. Ndiye kuti pa 3 Disembala paja, eni mpikisano anali atavomereza kale kuti katswiri wa ligi yaikulu ayenera kukhala ndi mpando wake. Anyamatawa anangofika chaka chimodzi msanga.

Chaka chotsatiracho Florida State inapambana magemu 2 okha, n'kugonja 10. Ambiri mwa aja a 13 kwa 0 anali atapita. Jordan Travis anatengedwa ndi timu ya New York Jets mu 2024, koma sanasewereko gemu ngakhale imodzi. Mu 2025 analengeza kuti wasiya mpira, chifukwa mwendo uja sunachire mmene madokotala ankayembekezera.